KUSANKHA NG'OMBE ZA NYAMA: MAU A MLANGIZI KWA MAFUMU NDI ACIKUMBE

Mafumu, anyakwawa, ndi inu nonse acikumbe, amuna ndi amai omwe: ine ndine mwana pamaso panu, ndipo ena a inu munayamba kuweta ng'ombe ine ndisanabadwe. Cifukwa cace mau anga a lero sali a iwo amene makola ao adzala kale. Ndinena za munthu uja wagulitsa fodya wace, kapena mtedza, kapena soya, nasunga ndalama zaka ziwiri zitatu, ndipo tsopano afuna kumanga khola lace loyamba, kuti aziweta ng'ombe za nyama. Munthu wotere adza kwa ife alangizi ndi funso limodzi, nati, Ndigule mtundu uti? Koma kawirikawiri yankho ali nalo kale mumtima. Waona nkhunzi yaikuru yotuwa, ya makutu ogwa ndi linunda longa culu, iri ciriri mumpanda wa munthu wolemera, ndipo mtima wace watsala komweko.

Ndalama zimene ali nazo m'manja n'za thukuta la banja lonse. Ng'ombeyo ikafa dzinja loyamba, sadzagulanso yina msanga. Mwina sadzagulanso konse, ndipo anansi ace amene analikupenya adzati, Ng'ombe sizikhala m'mudzi muno. Ndico cifukwa cace ndapempha kuti mafumu akhalepo pa nkhani iyi.

Funso la mtundu musaliyankhe m'mwezi wa Epulo, pamene msipu uli wobiriwira ndipo ng'ombe iri yonse ioneka yosalala. Pitani kudambo lanu m'mwezi wa Okutobala, dzuwa liri pamutu, udzu utauma ndipo wina utapsa ndi moto wa osaka mbewa. Cimene mudzaona tsiku limenelo ndico cakudya ceniceni ca ng'ombe yanu, pakuti kwathu kuno cirimwe citenga miyezi 6 kapena 7 ya caka.

Tiwerenge pamodzi. Ng'ombe, kuti ikhale ndi moyo ndi kukula, idya tsiku liri lonse zakudya zouma zolemera monga makilogalamu 2 ndi theka pa makilogalamu 100 ali onse a thupi lace. Yaikazi ya makolo athu ilemera monga makilogalamu 250, kapena kupitirira pang'ono. Tsono ifuna makilogalamu 6 kapena 7. Yaikazi ya mtundu wa Brahman ifika makilogalamu 500, yina nipitirira. Imeneyo ifuna 12 kapena 13. Ndiko kunena kuti pamene mudyetsa yaikuru imodzi mukadadyetsa zazing'ono ziwiri. Zazing'ono ziwirizo zikhoza kukupatsani ana awiri, ndipo imodzi ikafa, khola silitsekedwa. Madzi nao ali comweco: yaing'ono imwa monga ndowa ziwiri za malita 20 tsiku lotentha, yaikuru ifuna zitatu. Ngati madziwo ali patali, mudzifunse kuti adzatunga ndani, pakuti kawirikawiri mtolo umenewo ugwera amai ndi ana.

Koma njala si imene ipha ng'ombe za cilendo msanga. Izipha ndi nkhupakupa.

Pali nkhupakupa yofiirira yokonda kuluma m'makutu a ng'ombe, ndiyo ifalitsa nthenda ya cigodola. Mudziwa maonekedwe ace: mwanabere atupa pansi pa khutu, thupi litentha, ng'ombe ileka kudya, nipuma mobanika, ndipo potsiriza thovu lituruka m'mphuno. Kucokera tsiku limene nkhupakupa yaluma kufikira imfa papita masabata atatu kapena anai okha. Nthenda iyi iri ndi mbiri yoopsa. M'zaka za 1901 ndi 1902 inalowa m'dziko la Rhodesia, limene tsopano ndi Zimbabwe, pamodzi ndi ng'ombe zocokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa zimene zinatsikira pa Beira. Ndipo popeza ng'ombe za kumeneko zinali zisanaionepo, inasesa makola, nifalikira kufikira ku South Africa. Kwathu kuno ibvuta makamaka m'zidikha ndi m'mapiri a cigawo ca pakati ndi ca kumpoto, monga ku Lilongwe, Dedza, Kasungu ndi Mzimba. M'cigwa ca Shire, kumene kutentha kwambiri, nkhupakupa imeneyi sicuruka.

Tsono taonani kusiyana kwace. Ng'ombe ya makolo yobadwira kumene kuli cigodola ikumana naco ikali mwana. Ena a anawo afa, inde. Koma ambiri adwala nacira, ndipo wocirayo sadwalanso kawirikawiri moyo wace wonse. Ng'ombe yocokera kumene kulibe nthendayi, cinkana ikhale yaikuru motani, ifika ngati munthu wopanda cikopa pankhondo, ndipo mwa zotere pafupifupi zonse zimene zadwala zifa ngati sizipatsidwa mankhwala. Mankhwala alipo, koma ngokwera mtengo, ndipo athandiza pokhapo mwafulumira. Kuli katemeranso, amene apangidwa ku Lilongwe. Ndidzanena za iye potsiriza. Akuru anati, walira mvula walira matope. Wolira nkhunzi ya cilendo waliranso mankhwala opopera sabata liri lonse la dzinja, osadumpha ngakhale limodzi. Madibi a boma m'malo ambiri analeka kugwira nchito, ndipo mankhwalawo aturuka m'thumba mwanu. Ng'ombe ya makolo ikhoza kukukhululukirani mukadumpha sabata cifukwa ca maliro kapena kusowa ndalama. Ya cilendo iai.

Za kashembe ndinena mwacidule. Ngati mudzi wanu uli m'mphepete mwa nkhalango za Kasungu, Nkhotakota, Vwaza kapena Liwonde, dziwani kuti mwa mitundu yonse imene ndichule lero palibe umene upirira nchenche imeneyi, ngakhale wa makolo womwe. Musagule kanthu musanalankhule ndi mlangizi wa ziweto wa kwanuko.

Tsopano ndichule mitunduyo.

Ng'ombe ya makolo athu ilembedwa m'mabuku kuti Malawi Zebu, ndipo ndiyo yocuruka koposa m'dziko muno. Abale ace ali tsidya la malire, ku Chipata ndi Lundazi, kumene azicha Angoni, ndi ku Angonia m'dziko la Mozambique. Ndi yaing'ono, ya linunda, ya nyanga zazifupi, ndi ya mawanga a mitundumitundu. Sindidzabisa zofooka zace. Ikula pang'onopang'ono, msoti ubala mwana woyamba utafika zaka zitatu ndi theka kapena zinai, ndipo m'midzi yambiri yaikazi ibala caka cimodzi nipumula cinzace. Koma ndinena molimba mtima kuti zambiri za zofooka izi siziri m'mwazi wace, ziri m'kasungidwe kathu. Titsekera ng'ombe m'khola la matope kufikira dzuwa litakwera, cifukwa abusa ali ku sukulu kapena kumunda. Tigulitsa nkhunzi yabwino kwa opha nyama, pakuti ndiyo ya ndalama, ndi kusiya kankhunzi kopinimbira kakwere amace ndi alongo ace. Titatero zaka makumi atatu, tinena kuti mtunduwo ngwacabe.

Mverani cimene cinacitika ku Zimbabwe. M'zaka za m'ma 1940 munthu wina wa nchito ya boma, dzina lace Len Harvey, anayamba kugula ng'ombe za m'midzi ya kumwera kwa dzikolo, ca ku Gwanda, kumene mvula ndi yocepa. Sanaitanitse nkhunzi kutsidya la nyanja. Anangosankha zazikazi zobala caka ndi caka ndi nkhunzi za thupi labwino, nacotsa zotsalazo, nacita comweco mibadwo yambiri ya ng'ombe. M'menemo munaturuka mtundu wochedwa Tuli. Ndipo m'caka ca 1990 ana a Tuli, pamodzi ndi a Boran a ku Zambia, anafika ku Australia, dziko la ng'ombe zosawerengeka, cifukwa alimi a kumeneko anafuna mwazi wopirira dzuwa. Ng'ombe imene eni ace anaiyesa ya wamba, alendo anaiolotsa nyanja.

Brahman, ija yotuwa ya makutu ogwa, si ya ku Ulaya. Inapangidwa ku America ndi ng'ombe zocokera ku India, ndipo oiweta anakhazikitsa bungwe lao m'caka ca 1924. Ipirira dzuwa, nkhupakupa siziikakamira kwambiri, ikula msanga, ndipo opha nyama aikonda. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwazi wace wafala m'makola ambiri, ndipo kumeneko icita bwino. Koma kupirira nkhupakupa si kupirira cigodola. Brahman yobadwira kucigwa mukaikweza kumtunda, iri pangozi monga mlendo wina ali yense. Ndiponso ikaleredwa yosazolowera manja a anthu ikhala yolusa, ndipo mnyamata wa zaka khumi sangathe kuibweza ndi kamtengo. Inu a kucigwa muli ndi bvuto lanulanu, nthenda ya zironda za m'kamwa ndi m'mapazi, imene njati za m'nkhalango monga Lengwe zisunga. Ikabuka, boma litseka misika ndi njira, ndipo ng'ombe imene munati mugulitse mwezi uno mudzaidyetsa miyezi yina. Yaikuru idya zambiri podikira.

Sussex ndi yofiira ya ku England, ya nyama yabwino ndithu, koma makolo ace anakulira m'msipu wosauma ndi m'dziko lozizira. Afrikaner ndi yofiira ya nyanga zazitali ya ku South Africa, ndipo Boran icokera kwa anthu a Borana a kumwera kwa Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya; ziwirizi zipirira dzuwa, koma nkhunzi zace zenizeni sizipezeka pafupi ndi munthu wa pamudzi, ndipo sinditaya nthawi yanu pa cinthu cimene simungagule.

Cimodzi cokha ndikucenjezeni, pakuti ndico cikola oyamba ambiri. Kumene aweta ng'ombe za mkaka, monga ku Thyolo, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ana amphongo a Friesian, zija za mawanga akuda ndi oyera, agulitsidwa mochipa, cifukwa mwini mkaka safuna kuwamwetsa. Munthu aona mwana wamtali miyendo pa mtengo wocepa, nakondwa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtundu umenewo unasankhidwira mkaka. Umanga mafupa poyamba, nyama pambuyo. Uwefuka ndi dzuwa. Ndipo mwana wocotsedwa kwa amace asanayamwe mokwanira afa ndi kutsegula m'mimba asanafike miyezi itatu. Munthu wozolowera, wa madeya ambiri ndi khola la denga, akhoza kupindula naye. Woyamba amleke.

Uphungu wanga tsono ndi uwu: yambani ndi misoti iwiri kapena itatu ya makolo, yobadwira kufupi ndi kwanu, kumene udzu, madzi ndi nkhupakupa zifanana ndi za pamudzi panu. Ndipo nzeru imene mukadaononga posankha dzina la mtundu, muiike posankha ng'ombe yeniyeniyo, pakuti m'khola limodzi la makolo muli zabwino ndi zoipa, zosiyana kutali.

Kaoneni khola la wogulitsa m'cirimwe. Penyani yaikazi imene ikali ndi mnofu pamene zinzace zaonetsa nthiti, ndipo pambali pace pali mwana. Funsani kuti yabala kangati m'zaka zinai zapitazi. Funsaninso mbusa, pakuti mbusa sadziwa kunama monga mwini. Mwana wamkazi wa ng'ombe imeneyo ndiye mufuna. Akhale wa msana woongoka, cifuwa cakuya, matako odzala, miyendo yoima bwino, ziboda zosapotoka, maso owala, mphuno yonyowa, ndi mawere anai olingana. Ndipo musacite manyazi kumtsegula kukamwa. Ng'ombe iribe mano akutsogolo m'mwamba. M'munsi iri nao 8. Ikafika monga zaka ziwiri, awiri a pakati aguluka, ndipo pamera awiri akuru. Pa zaka zitatu akuruwo akhala 4 kapena 6. Pa zaka zinai kapena zisanu akwana onse 8. Pambuyo pace ayamba kuperepeseka ndi kutalikirana. Wogulitsa akati, Ndi msoti uwu, koma mano ali operepeseka, mwaona nokha. Gulani wa mano akuru awiri kapena anai.

Musagule usiku, kapena kwa munthu wopita m'njira. Pakhale kalata ya mfumu ya kumene ng'ombe icokera, ndi cilolezo ca a zaziweto coyendetsera. Ng'ombe yakuba ikapezeka m'khola mwanu, mutaya ng'ombe, ndalama, ndi dzina lomwe.

Nanga Brahman ija mwaikhumba, tiitaye? Iai. Iri ndi nthawi yace. Mukasunga ng'ombe zanu zaka ziwiri, osataya mwana, mukazolowera kupopera ndi kuunjika mapesi, pamenepo mukhoza kupititsa yaikazi yanu kwa nkhunzi ya Brahman, kapena ya theka la mwazi wace. Mwana wobadwa pa kusakaniza koyambaku atenga kukula kwa atate ndi kupirira kwina kwa amai, ndipo pa zakudya zokwanira afika pa msika msanga kuposa wa makolo. Koma dziwani zinthu ziwiri. Mphamvu imeneyi icuruka pa mbadwo woyamba. Mukabwereza nkhunzi ya cilendo pa ana ace ndi pa adzukulu, mwazi wa makolo ucepa, ndipo mudzapeza kuti muli ndi ng'ombe ya cilendo ija munaiopa poyamba, ndi njala yace ndi matenda ace. Pamudzi, theka likwanira. Cinanso, musalole nkhunzi yaikuru ikwere msoti umene sunabalepo. Ng'ombe ikhala ndi bere miyezi 9 ndi masiku pang'ono, ndipo mwana wa nkhunzi yotere akula m'mimba koposa njira ya kamsoti. Usiku wobala mukhoza kutaya onse awiri, dokotala wa ziweto ali kutali. Mwana woyamba akhale wa nkhunzi ya makolo.

Pano ndipo nditembenukira kwa inu mafumu. Munthu wa ng'ombe zitatu sayenera kusunga nkhunzi yaceyace, pakuti nkhunzi imodzi ikwanira zazikazi 25 kapena 30. Koma ng'ombe za mudzi zidyera pamodzi kudambo, ndipo cinkana munthu asankhe misoti yace mosamala motani, kankhunzi kopinimbira ka mnansi kadzaononga nchito yace m'mawa umodzi. Iye sangathe kumletsa mnansiyo, inu mungathe. Itanani eni ng'ombe, musankhe pamodzi nkhunzi imodzi kapena ziwiri zoposa zonse, mugwirizane za cakudya cace, ndipo amphongo otsalawo athenedwe asanakwane caka. Alangizi ali ndi citsulo cochedwa Burdizzo, cimene cithena popanda bala. Mwini asadandaule, pakuti mtheno ndiwo unenepa bwino, ndiwonso ukoka ngolo. Pakapita zaka zitatu, ana akazi a nkhunzi ija akafika pokweredwa, sinthanani nkhunzi ndi mudzi wina. Ndipo liu lanu limveke pa za moto wa kudambo, ndi pa za madimba amene alikutseka njira ya ng'ombe ya kumadzi. Milandu ya ng'ombe zodya ndiwo za eni mudziwa inu kuposa ine kumene iyambira.

Pali njira yina ya munthu wa malo ocepa, amene alibe mbusa kapena dambo, ndiyo kunenepetsa mitheno m'khola. Njira iyi inayamba m'dziko muno m'caka ca 1957, ndipo inapangidwira acikumbe a minda yaing'ono. Mugula mitheno iwiri ya zaka ziwiri kapena zitatu mutatha kukolola, yoonda koma yamoyo ndi ya mafupa abwino. Muiika m'khola la denga, yense m'cipinda cace, nimuipatsa mapesi a cimanga, masangwi a mtedza, nsenjere kapena masamba a lukina ngati muli nazo, madeya, mcere pang'ono, ndi madzi osaphwa. Madeya muyambe pang'ono ndi kuonjeza masiku akamapita, pakuti ng'ombe yosazolowera ikadya ambiri tsiku limodzi itupidwa. Pakapita miyezi 5 kapena 6 yakwana kugulitsa, ndipo nthawi imeneyo ndiyo ng'ombe zonenepa zisowa pa msika. Apa mtheno wa theka la Brahman uonetsa ubwino wace, cifukwa suyenda m'chire kutola nkhupakupa, ndipo cakudya ciupeza pomwepo. Pogulitsa kumbukirani kuti nyama ya pa mbedza ikhala monga theka la kulemera kwa ng'ombe yamoyo. Wogula adziwa zimenezi, inunso muzidziwe musanayambe kutsatsana. Ndowe zotsala m'kholamo, zosakanizika ndi mapesi opondedwa, zipite kumunda wa cimanga mvula isanagwe. Koma musanagule mitheno, unjikani cakudya coyamba, muciike pa thandala, ciswe cingacidye. Mulu ukacepa, gulani umodzi.

Ndinalonjeza kunena za katemera wa cigodola. Abaya ana a ng'ombe akali ang'ono, kamodzi kokha, pamodzi ndi mankhwala ena oletsa kuti nthendayo ingakule, ndipo mwanayo atetezedwa zaka zambiri. Kwa ana a mwazi wosakaniza, kumtunda kuno, ine ndimyesa wofunika monga khola lomwe. Sateteza ku matenda ena a nkhupakupa, cotero kupopera sikuleka. Katemerayu asungidwa mozizira kwambiri, ndipo kabotolo kamodzi kakwanira ana ambiri. Kakasungunuka kayenera kutha tsiku lomwelo. Cifukwa cace wobaya sangadzere mwana mmodzi wa munthu mmodzi. Anyakwawa alembe maina a eni ndi ciwerengero ca ana a ng'ombe a m'midzi yao, apereke kwa mlangizi wa ziweto, ndipo tsiku likapanganidwa, ana onse asonkhane pamalo amodzi m'mamawa, dzuwa lisanatenthe.